Funso la Kabakha ka Amalume Yotamu

Chaka chakwana chimwalirireni amalume Yotamu, koma mtima wanga sunakhalebe pansi. Chimene chimandidya ndi mawu a mlaliki wa pamaliro paja. Anaima kumutu kwa bokosi n'kunena kuti malemuwa anali munthu wamtendere, amene chibadwire sanakanganepo ndi munthu. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinatsala pang'ono kuwatsutsa, moti mwana wanga Dailesi anachita kunditsina pantchafu kuti ndisatsegule pakamwa. Mlalikiyo sananame, ayi. Koma anaika m'manda theka la munthu, theka linalo n'kulisiya panja, ndipo limenelo ndi limene ndikufuna kunena pano.

Amalume Yotamu anali alongo awo a mayi anga. Mayi atamwalira, kenako mwamuna wanga n'kutsatira, iwo ndiwo anatsala mwini mbumba, woti nkhani ikagwa pakhomo panga aime kutsogolo. Kunena zoona, ndinkadandaula kuti Mulungu anandisiyira mwini mbumba wamantha chonchi. Anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzalowa ntchito pafamu ya nkhuku cha ku Kasisi, kumene anakalambira akusesa makola ndi kusenza matumba. Atapuma ntchito anapeza malo kuno ku Kanakantapa, koma famu ija sinawatuluke m'thupi. Akangoona munthu wovala tayi, chipewa chinkachita ngati chikuvuka chokha. Kondakitala wa minibasi, kamnyamata koti ndevu sizinamere n'komwe, ankakatchula kuti bwana.

Tsiku lina ng'ombe za mnansi wawo zinalowa m'munda n'kudya chimanga mpaka pakati. Iwo anazikusa bwinobwino, kuzibweza kwa mwini wake, n'kupepesa kuti mpanda wawo unali wofooka. Akazi awo, aNaphiri, anatsala pang'ono kuwakhuthulira madzi otsukira mbale.

"Imwe a Yotamu, ng'ombe zadya chimanga chanu, ndimwenso mupepesa? Mawa zikabwela muziphikile tiyi!"

"Nkhani yasila, aNaphiri," anatero amalume, maso ali pansi. "Anthu aba tizakhala nao mpaka imfa."

Ndi mmene ankakhalira awiriwa: mmodzi kulalata, wina kuyang'ana pansi, koma mbale yawo inali imodzi. Ngakhale kuchipatala, masabata awo omaliza, amalume ankapepesa kwa anamwino kuti akuwavutitsa ndi matenda. Ine ndikawadzudzula za manthawa, sankakana. Ankanena kuti munthu amene wagwira ntchito kwa eni nthawi yaitali amadziwa nsapato za bwana kuposa nkhope yake. Ankatinso ndisanyoze mantha awo, chifukwa ndi amene analera ana awo, pamene anzawo olimba mtima ankachotsedwa ntchito chaka chisanathe. Komabe mkwiyo sunkandichoka.

Kukhala chabe sankakutha. Atasiya za pafamu anadzipezera pakhonde la chigayo, pomwe ankasoka matumba ong'ambika ndi chisingano chachitali ndi ulusi wabuluu. Magetsi kuno amazima mmene afunira, ndiye ana otumidwa kukagayitsa ankakhala pamzere maola, atatsamira zidebe zawo, ena akumenyana. Amalume ankawaitana kuti asendere pafupi, n'kuwasimbira nthano. Sanali munthu wa nthano zambiri. Anali ndi imodzi yokha, yopeka okha kuchokera ku makola aja, ndipo ana onse a dera lino anaidziwa pamtima.

Inkayamba ndi mwini famu amene anapita kutauni n'kusiya Nkhukundembo kuti aziyang'anira bwalo. Sanamusankhe chifukwa cha nzeru. Anamusankha chifukwa ankadziwa kufufuma: kutambasula chipsepse, kugwetsa mapiko, khosi n'kufiira. Apa amalume ankatukumula masaya n'kutambasula thumba kumbuyo kwawo, ana n'kumagubuduka ndi phwete. Nkhukundemboyo analamula kuti m'mawa uliwonse anapiye onse azipalasa pansi n'kumuunjikira nyongolotsi ndi chiswe, asanalawe kanthu iwo eni. Atambala ankang'ung'udza kuseri kwa khola. Nkhuku zazikazi zinkauza ana awo kuti angochita, asabweretse mavuto. Pakati pa anapiyewo panali kabakha, kamene mapazi ake anali aphanthiphanthi, osatha kupalasa, ndiye tsiku ndi tsiku kankajomphedwa pamutu chifukwa chobwera chimanjamanja. Mmawa wina kanayenda mopendekera mpaka pamaso pa Nkhukundembo. Kanayang'anitsitsa mapazi ake akuluakulu, azikhadabo zazitali, kenako kanaweramitsa mutu mwaulemu n'kufunsa. Apa amalume ankachepetsa mawu kukhala a kamwana:

"Pepani bwana, mapazi yanu yanadwala chani?"

Nthano inkathera pomwepo. Ana, amene ankawatchula ambuya monga tinenera agogo kuno, ankakuwa kuti, "Ambuya, manje Nkhukundembo anachita chani?" Iwo ankangobwerera kuchisingano chawo n'kunena kuti amvetsere, mwina magetsi ayaka. Zaka zonsezo palibe mwana anamvapo mapeto ake. Ine ndimakhulupirira kuti nawonso sankawadziwa, chifukwa moyo wawo wonse anali asanaonepo munthu akufunsa bwana funso lotere. ANaphiri ankawaseka poyera kuti kabakha kawo kali ndi mtima kuposa mwini wake. Ine sindinkaseka. Zinkandiwawa kumva mawu olimba chonchi akutuluka pakamwa pa munthu wopepesa ng'ombe.

Nthawi imeneyo pasukulu ya pulayimale ya kwathu panali hedi wina amene anali ndi munda waukulu m'mbali mwa msewu wopita kuboma. Mvula ikagwa, ana a makalasi akuluakulu ankauzidwa kubwera ndi makasu. Belu la m'mawa likalira ankapita kukapalira, n'kubwerera m'kalasi dzuwa lili pamutu, atatopa, ena n'kumagona pamadesiki. Ahediwo ankati ndi munda wa sukulu. Koma pokolola ngolo inkakatsitsa chimanga pakhomo pawo, tonse tikuona. Makolo tinkalankhula kwambiri pachitsime ndi pobwera kutchalitchi. Pamsonkhano wa makolo tinkangoti duu, chifukwa amene ankalembetsa ana mayeso a giredi seveni anali iwo omwewo.

Dailesi anali m'giredi seveni chaka chimenecho. Anali mwana wofatsa, wosayankha akulu, ndipo mutu wake unkagwira. Kwa mwana wa mkazi wamasiye ngati ine, mayeso amenewo ndiwo anali khomo lokhalo lolowera kusekondale. Akalephera kuwalemba, chotsatira ndinkachidziwa: kugulitsa tomato pamsewu, kenako mwamuna wina wobwera ndi njinga. Ndinkagona ndi mayeso amenewo m'mutu kuposa mwini wake.

Zimene zinachitika m'mundamo ndinazimva kwa iye ndi kwa anzake. Ana anali atawerama m'mizere, ahedi ataima pachulu, manja kumbuyo, akuloza ndi chibwano pamene udzu watsala. Dailesi anali ndi matuza m'manja, ndipo ahedi anali atamukalipira kale kawiri kuti akutsalira. Mwanayo anaika khasu pansi, kupita pafupi ndi chulu, kupinda maondo mwaulemu monga tinamuphunzitsira, n'kufunsa:

"Pepani ba hedi, manja yanu yanadwala chani?"

Akanakhala kuti anafunsa ali awiri, mwina akanangolandira mbama n'kutha. Koma ana onse m'mundamo anakulira pakhonde la chigayo. Munda wonse unaphulika ndi kuseka, ndipo mnyamata wina kumbuyo analira ngati nkhukundembo. Ahedi anagwira kamtsikana kena padzanja n'kukafunsa chimene chikuseketsa. Kamwanako, ndi mantha, kanawasimbira nthano yonse, ndi mwini wake yemwe.

"Choka pano!" anatero ahedi kwa Dailesi. "Usapondenso pa sukulu panga. Mayeso ukalembele kwa ambuya ako ku chigayo."

Mawa lake ndinapita ine. Ndinagwada pasimenti mu ofesi n'kupempha ahedi kuti amukhululukire, ndi mwana. Sanandiyang'ane n'komwe. Anati mwana wanga wawachita chipongwe pamaso pa sukulu yonse, ndimupezere sukulu ina. Sukulu inayo inali kutsidya kwa mtsinje, ndipo panalibe hedi amene akanalandira mwana wa giredi seveni nthawi yolembetsa mayeso ili pafupi kutha. Ndinatuluka ndili ndi ukali, ndipo sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kuchigayo.

Anthu anali pamzere, koma sindinasamale. Ndinaima pamaso pa amalume osawapatsa ndi moni womwe.

"Amalume, mwapatsa mwana mau yamene imwe simunakambepo kwa munthu aliyense! Manje amuchotsa sukulu."

Chisingano chinagwa m'manja mwawo. "Amake Dailesi, inali nthano chabe."

"Nthano? Nthano izamulembela mayeso? Ndimwe mwini mbumba. Yendani mukakonze chamene mwaononga."

Anapita, koma mwa njira yawo. Anagwira thadzi loyera la aNaphiri, limene linali litangoyamba kuikira, kuvala jekete la kutchalitchi, n'kukaima pakhonde la ofesi, chipewa m'dzanja limodzi, nkhuku kukhwapa. Ahedi anawasiya chiimire mpaka masana. Kenako anatuma mwana kudzalandira nkhukuyo, n'kunena kudzera pawindo kuti aganizapo. Madzulo ake nthenga zoyera zinali padzala la ahedi. Yankho silinabwere. ANaphiri analalata mpaka mawu kusasa, ine ndinasiya kuwalankhula amalume.

Dailesi anasiya kudya bwino. M'mawa uliwonse ankavala yunifomu, n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pomwe belu la sukulu limamveka bwino. Amalume anabwera mmawa wina n'kumupeza pomwepo. Ine ndinali kukhitchini, ndinkamva zonse. Anakhala pansi pambali pake. Ndiye mwanayo, mopanda mkwiyo, anafunsa:

"Ambuya, kabakha kaja kanachita bwanji pambuyo pake? Niuzeni chabe, nizibe."

Nditasuzumira ndinaona amalume akuyenda kutuluka pabwalo, chipewa chili m'manja, ngakhale panalibe bwana aliyense pafupi.

Kutacha, mayi wina wogulitsa masamba a repu anafika pakhomo panga akupuma mwabefu n'kunena kuti ndithamange, amalume anga apenga. Ndinawapeza m'munda wa ahedi, atapinda buluku mpaka m'maondo, akupalira. Munthu wa imvi mutu wonse, wa bondo lovuta kale, ali yekhayekha pakati pa chimanga cha mwini wake. Belu litalira, ana anabwera pamzere ndi makasu awo. Amalume anaweramuka n'kuwauza motsitsa mawu kuti abwerere m'kalasi, iwo alowa m'malo mwawo. Ana anaima, osadziwa womvera. Ahedi anafika akuthamangira.

"Madala, muchita chani muno? Ndani wakutumani?"

Amalume anavula chipewa.

"Palibe, bwana. Nikulimilani chabe. Ana aphunzile."

"Chokani m'munda mwanga!"

"Mwanu, bwana? Pepani, ninamva kuti ni munda wa sukulu. Ngati ni wa sukulu, ine ndine kholo, nifunika kuthandiza."

Sindikudziwa ngati mawu amenewa anawakonzeratu kapena anangowatuluka. Ahedi sakanamukoka mkulu wotere padzanja pamaso pa ana, ndipo apolisi akanawauza kuti chiyani, kuti wina akundipalirira munda? Anabweza ana kusukulu tsiku limenelo n'kuchoka, akuganiza kuti nkhalambayo itopa yokha.

Amalume sanatope, kapena ndinene kuti anatopa koma sanasiye. Mawa lake analinso momwemo, ndi mkuja. Msewu umenewo ndi umene aliyense amadutsa: a njinga zonyamula masamba, amayi opita kuchipatala, maminibasi opita kuboma. Aliyense ankaima n'kufunsa.

"A Yotamu, mwayamba ganyu kwa ahedi?"

"Iyai. Mdzukulu wanga anamuchotsa sukulu chifukwa cha munda uno. Nalowa m'malo mwake."

Ankayankha chimodzimodzi kwa aliyense, osawonjezera, osatukwana, n'kubwerera kumzere wawo. Nkhani inakwera minibasi n'kukafika kumsika wa ku Chongwe ife tisanadziwe. Ine ndinkawapititsira madzi, n'kumawachonderera kuti abwerere kunyumba, bondo lija litatupa ngati dzungu. Inde, ine yemwe amene ndinawatuma. Anandiuza kuti ndikaphike, mwana adye.

Woyamba kuwatsatira anali aNaphiri. Anabwera ndi khasu lawo, nkhope ili gwaa, n'kulowa mumzere woyandikana nawo.

"Onani mwamene mupalilila, mwasiya udzu kumbuyo. Ngati mwafuna kufela m'munda wa eni, nizafela pamodzi na imwe, koma mizele ikhale yoongoka."

Kenako kunabwera agogo ena awiri a kutchalitchi, kenako mkulu wina wopuma usilikali, amene ankayenda ndi ndodo ndipo ankangozula udzu ndi manja atakhala pansi. Achinyamata ndi ife a misinkhu yapakati amalume anatikaniza. Anati ife tili ndi ana pasukulupo, tingawapalamulire. M'mundamo mulowe okhawo amene alibe choti n'kulandidwa. Choncho munda wa ahedi unadzaza nkhalamba zokhazokha, misana yopindika, mipango ndi zipewa zakale, zikupalira mwakachetechete m'mbali mwa msewu. Sindinaonepo chinthu chochititsa manyazi chotere, ndipo manyaziwo sanagwire ahedi okha. Akazi a ahedi anasiya kupita kuchitsime masana.

Ahedi anabwera mmawa wina anthu ali ambiri pamsewu. Sanakwere pachulu. Anayenda m'matope ndi nsapato zawo zopolisha mpaka pamene panali amalume.

"Madala, mufuna chani kweni-kweni?"

"Mwana alembe mayeso, bwana. Na ana asagwile khasu muno nthawi ya sukulu."

"Uja mwana ananinyoza. Afunika kupepesa."

"Azapepesa pa kuseka kwa anzake, bwana, chifukwa kuseka mkulu si bwino. Koma funso lija musamupatse mlandu. Ni langa, ndine ninamuphunzitsa. Ngati muli na yankho, muniyankhe ine."

Ndi pamene ndinazindikira kuti chipewa chinali chikadali pamutu pa amalume. Sikuti analimba mtima mwadzidzidzi: manja onse awiri anali atagwira mpini wa khasu kuti asagwe. Ahedi anayang'ana amalume, kuyang'ana nkhalamba zinazo, kuyang'ana anthu a pamsewu. Funso lija sanaliyankhe. Anangoti mwanayo abwere mawa ndi yunifomu, n'kutembenuka. Atangopita, amalume anazembera kuseri kwa chulu n'kusanza. ANaphiri anawagwira pamphumi, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiwireni sanawalalatire.

Dailesi anabwerera, anapepesa pa kuseka kuja, analembetsedwa, ndipo analemba mayeso ake n'kukhoza. Anapita kusekondale kuboma, ndipo lero ali ku Lusaka, akuphunzira za unamwino. Pamaliro a amalume ndiye analira kuposa ana awo obereka. Amalume sanakondwerere kupambana kulikonse. Wina akawatamanda ankasintha nkhani, ndipo ine nditapita kukathokoza anandiuza kuti ndisiye, anatsala pang'ono kuphetsa tsogolo la mwana ndi pakamwa pawo. Bondo lija silinachirenso. Kuyambira chaka chimenecho ankayenda ndi ndodo.

Nthano ija inapeza mapeto. Ana atawafunsanso kuti Nkhukundembo anachita chiyani, sananamizire magetsi. Anati kabakha kanajomphedwa koopsa n'kuthamangitsidwa pabwalo, ndipo kanagona kunja, kakulira. Anati bakha wina wokalamba, amene ankaphunzitsa tiana kufunsa mafunso iye atabisala m'madzi, anachita manyazi n'kutuluka. Ana ankafuna kumva kuti Nkhukundembo anaphedwa kapena anathawa. Amalume ankakana. Ankati Nkhukundembo akadalipo pabwalopo, amafufumabe, koma nyongolotsi amapalasa yekha. Ndipo ankamaliza ndi kuwachenjeza kuti mwana asamafunse funso lotere ali yekha, ayambe wayang'ana ngati kumbuyo kwake kuli wamkulu.

Nthanoyo sankaisimbiranso kuchigayo. Mwini chigayo anali mlamu wa ahedi, ndipo pasanapite nthawi anawauza kuti khonde likufunika poika matumba. Amalume anathokoza, monga mwa chizolowezi chawo, n'kunyamula chisingano ndi ulusi wawo. Anasamukira pakalavati ya simenti imene ili moyang'anizana ndi geti la sukulu, pomwe njira ya kumunda uja imapatukira. Amene anali ndi matumba ong'ambika ankawapeza pomwepo. Ahedi akamadutsa m'mawa, amalume ankavula chipewa n'kuwapatsa moni wa bwana, mwaulemu wonse. Koma anali pomwepo, tsiku lililonse la sukulu, maso ali pageti. Ahedi aja anasamutsidwa patapita zaka, kunabwera ena, amalume sanachoke. Ana potuluka ankawazungulira, ndipo zaka zonse zimene anakhala pakalavatipo palibe mwana anatuluka pagetilo ndi khasu nthawi ya maphunziro.

Chaka chino mvula yabwera msanga, ndipo udzu wakula. Pasukulu pali hedi watsopano, sindikumudziwa bwino, mwina ndi munthu wabwino. Sabata yatha mwana wanga wotsiriza, Yohane, anabwera n'kunena kuti, "Amama, ati mawa tibwele na makasu." Ndinafunsa kuti munda wa yani. Anati akuti ndi wa sukulu. Mwina ndi zoona. Kalenso ankatero.

M'mawa mwake ndinapita kukaima pafupi ndi kalavati ija. Simenti yake ndi yosalala mbali imodzi, pomwe ankakhala, ndipo m'ming'alu mukadali tizidutswa ta ulusi wabuluu timene mvula yalephera kuchotsa. Pansi pomwe ankaponda pamera chisoso. Palibe amene amakhalapo, ngakhale odikira minibasi amaima chapatali. Belu linalira, geti linatseguka, ana anatuluka pamzere, makasu pamapewa. Atafika pakalavatipo anachepetsa liwiro, mitu yonse n'kutembenukira pamalo opanda munthuwo, kenako anapatukira njira ya kumunda. Yohane anali kumapeto kwa mzere, khasu litamukulira. Iye sanayang'ane pakalavati. Anayang'ana ine.